Kodi putter yatsopano ingathetse vuto la kugogoda katatu pa green?

Funso: Ndakhala ndikusewera gofu ku Lilongwe kwa zaka zingapo, ndipo mpira ndimaufikitsa pa green, malo a udzu wometedwa bwino ozungulira dzenje, popanda vuto lalikulu, koma ndikafika pamenepo ndimagogoda katatu pa maenje ambiri, nthawi zina kanayi. Putter (ndodo yogogodera mpira pa green) imene ndili nayo ndi yakale, ya mutu wopyapyala, ndipo anandipatsa mnzanga wamtali kuposa ine. M'bale wanga amene amakhala ku Johannesburg wavomera kundigulira ina. Kodi ndimuuze kuti agule ya mtundu wanji, nanga ndichite chiyani kuti vutoli lithe?

Yankho: Bambo, pempho langa loyamba ndi lakuti m'bale wanuyo ayambe wadikira, asagule chilichonse mpaka mutayesa kwa milungu ingapo zimene ndifotokoze pano. Sikuti putter ilibe gawo pa vutoli, ndipo mawu anu akuti inachokera kwa munthu wamtali kuposa inu akundichititsa kuikayikira ndithu. Komabe munthu amene amagogoda katatu pa maenje ambiri, kawirikawiri cholakwika chake chimakhala pa mphamvu imene amapatsa mpira pa putt yoyamba (kugogoda koyamba pa green), imene imausiya kutali ndi dzenje, kaya usanafike kapena utapitirira kwambiri. Putter yabwino ingakuthandizeni pang'ono pa zimenezi, koma mbali yaikulu ya ntchitoyi ili m'maso ndi m'manja mwanu.

Zingakulimbikitseni kudziwa mmene akatswiri enieni amachitira, chifukwa wailesi ya kanema imatisonyeza makamaka ma putt amene alowa, ndiye timaganiza kuti iwo salephera. Mark Broadie, pulofesa wa ku Columbia Business School ku New York, amene njira yake yowerengera luso la pa green inayamba kugwiritsidwa ntchito ndi PGA Tour, mpikisano waukulu wa akatswiri a gofu ku America, mu 2011, anasonyeza kuti akatswiri a mpikisano umenewu amalowetsa pafupifupi theka chabe la ma putt a mtunda wa mamita 2.4. Mpira ukakhala pa mamita 6, amalowetsa pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi awiri alionse, ndipo ukakhala pa mamita 10 amayembekezera kugogoda kawiri. Dzenje ndi laling'ono, mamilimita 108 okha m'mimba mwake, choncho ngakhale anthu amene amadyera gofu salowetsa ma putt aatali kawirikawiri. Chimene amatiposa nacho ndi chakuti akaphonya, mpira wawo umaima pafupi kwambiri ndi dzenje, pamene putt yachiwiri sivuta.

Musanasinthe chilichonse, dziwani bwino mtundu wa vuto lanu. Pa maraundi atatu akubwerawa, lembani m'mphepete mwa khadi lanu zinthu ziwiri pa dzenje lililonse: masitepe amene analipo kuchokera pa mpira kufika pa dzenje pa putt yoyamba, ndi mtunda umene unatsala mpira utaima. Mukapeza kuti kawirikawiri mumatsala ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, ndiye kuti vuto ndi mphamvu. Mukapeza kuti mumafika pafupi, mosakwana mita imodzi, koma n'kuphonya pamenepo, vuto lili pa kumene nkhope ya putter, mbali yake imene imakhudza mpira, imaloza pa nthawi yogunda mpira. Ndikuyembekezera kuti mupeza vuto loyambalo, ndipo n'chifukwa chake ndichedwerapo.

Mtunda umene mpira umagubuduzika uyenera kuchokera pa kutalika kwa ulendo wa putter, osati pa nyonga ya dzanja. Osewera ambiri amabweza putter m'mbuyo mtunda wofanana nthawi zonse, kenaka amagunda mwamphamvu ngati dzenje lili kutali, kapena kubweza dzanja mwamantha ngati lili pafupi, ndipo kachitidwe kameneka sikangabwerezedwe mofanana kawiri. Njira yodalirika ndi yakuti nthawi imene putter imatenga popita m'mbuyo ndi pobwerera kudzagunda mpira ikhale yofanana pa putt iliyonse, koma mtunda umene yabwerera m'mbuyo ndiwo uzisintha. Putt yaitali imafuna ulendo wautali, yaifupi ulendo waufupi, ndipo zonse ziyende pa kayendedwe kamodzi, ngati mukuwerenga "wani, thu" mumtima mosathamanga. Mapewa ndi mikono ziyendere limodzi, mfundo za manja zisapindike pa nthawi yogunda, ndipo miyendo ndi chiuno zikhale bata. Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi malo amene mpira wakhudza pa nkhope ya putter. Mpira wogundidwa chakunsonga kapena chakuchidendene (mbali ya kumpini) umaperewera, ngakhale ulendo wa putter unali woyenera, ndipo wosewerayo, posazindikira chimene chachitika, amawonjezera mphamvu pa putt yotsatira n'kupitiriza dzenje.

Maso nawo ali ndi ntchito yaikulu kuposa mmene timaganizira. Mukamaponyera mwana lalanje, simuyang'ana dzanja lanu kapena kuwerengera mphamvu. Mumayang'ana mwanayo, ndipo dzanja limadziwa lokha. Choncho poyeserera musanagogode, yang'anani dzenje pamene mukugwedeza putter kawiri kapena katatu, kenaka imani pa mpira, yang'ananinso dzenje kamodzi, ndipo gogodani musanaiwale chimene maso aona. Munthu amene amaima nthawi yaitali atazyolika pa mpira, akuganizira zala ndi zigongono, amataya chithunzi cha mtunda chimene anali nacho m'mutu.

Pa green yoyeserera, patulani mbali yaikulu ya nthawi yanu ku ma putt a mamita 6 mpaka 15, chifukwa kugogoda katatu kumayambira kumeneko. Tengani mipira itatu, gogodani woyamba kupita poyera popanda dzenje, kenaka yesetsani kuti wachiwiri upitirire woyamba pang'ono, wachitatu upitirire wachiwiri pang'ono, ndipo bwerezani zimenezi pokwera ndi potsika. Tsiku lina tengani mpira umodzi wokha, muziuika malo osiyanasiyana ndi kuumaliza mpaka ulowe, monga mmene zimakhalira pa masewera enieni, ndipo muwerenge kuti mwa maenje khumi ndi angati amene mwamaliza ndi ma putt awiri. Kugogoda mipira khumi kuchokera pamalo amodzi kumanyenga, chifukwa wachitatu ukamafika mwadziwa kale mphamvu yake, pamene pa bwalo mumapatsidwa mwayi umodzi wokha. Dave Pelz, amene anagwira ntchito ku NASA asanakhale mphunzitsi wa gofu, ankaphunzitsa kuti mpira wophonya uyenera kupitirira dzenje ndi mainchesi 17, omwe ndi masentimita pafupifupi 43, popeza pa liwiro limenelo susokonezedwa kwambiri ndi mapazi a anthu amene aponda mozungulira dzenje. Ine ndimaona kuti langizo limeneli ndi labwino pa ma putt a mamita 5 kutsika m'munsi, amene muli ndi chiyembekezo chenicheni chowalowetsa. Pa ataliatali, khutirani ndi mpira umene waima pafupi ndi dzenje, kaya patsogolo pake kapena kumbuyo kwake.

Kumbukiraninso kuti green ya lero si ya dzulo. Oyang'anira mabwalo amayeza liwiro la green ndi chipangizo chotchedwa Stimpmeter, chimene anachipanga koyamba Edward Stimpson m'zaka za m'ma 1930, koma inu mungalidziwe pogogoda mipira ingapo yaitali musanayambe kusewera, ndipo mphindi khumi zimenezo n'zofunika kuposa kumenya mipira yambiri ndi driver, ndodo yomenyera mpira patali. M'mawa kukadali mame, mpira umalemera ndipo sukhota kwambiri. Dzuwa likakwera n'kuumitsa udzu, green yomweyo imayamba kuthamanga. M'dzinja udzu umakula mofulumira moti pofika madzulo green imakhala itachepa liwiro poyerekeza ndi nthawi imene anaitchetcha, pamene m'chilimwe, nthaka itauma, mpira umatha kupitirira pamene simunayembekezere.

M'madera otentha ngati athu muli nkhani ina imene osewera a m'mayiko ozizira sailabadira kwambiri, ndiyo kumene udzu wagonera. Udzu wa mtundu wa kapinga, umene m'mabuku a gofu umadziwika ndi dzina la Bermuda, umakula chogona, ndipo mpira umathamanga ukamatsata kumene udzuwo wagonera koma umafooka msanga ukamalimbana nawo. Mukaima kumbuyo kwa mpira n'kuona green ikunyezimira, yotuwirako, ndiye kuti udzu wagonera kutali ndi inu ndipo putt ithamanga. Ikaoneka yobiriwira kwambiri, yoderako, mukulimbana nawo ndipo muyenera kuwonjezera ulendo wa putter. Yang'ananinso m'mphepete mwa dzenje: mbali imene yaphwanyika kapena kuuma ndi kumene udzu ukulowera. Udzu ukagonera chammbali umakoka mpira pamene ukufooka, moti putt imene imaoneka yowongoka imakhota pamapeto penipeni.

Za kuwerenga kutsetsereka ndinene zochepa, popeza zimabwera ndi kuzolowera. Yambani kuiona green mukadali patali, pamene mukuyandikira, ndipo dzifunseni kumene madzi a mvula angayenderere. Mapazi amamva kupendekera kumene maso sakuona, ndipo njira yotchedwa AimPoint, imene anaiyambitsa Mark Sweeney, yagona pa mfundo imeneyi: wosewera amaima pakati pa mpira ndi dzenje n'kumva phazi limene lalemedwa. Osewera ambiri amapereka malo ochepa a kukhota, choncho mpira wawo umadutsa kumunsi kwa dzenje n'kumapitirira kutsetsereka, pamene mpira wodutsa kumtunda umakhala ukuyandikira dzenje mpaka utaima. Mukakayikira, onjezerani. Ngati mumasewera ndi caddie, wonyamula ndodo zanu, amene amayenda pa bwalolo tsiku ndi tsiku, mverani zimene akukuuzani, koma muuzeninso liwiro limene mukufuna kugogodera, chifukwa mzere umene angakupatseni umadalira liwirolo: mpira wothamanga umakhota pang'ono, wofooka umakhota kwambiri.

Pa ma putt aafupi nkhani imasintha, chifukwa pamenepo chofunika kwambiri ndi kumene nkhope yaloza. Kafukufuku wa aphunzitsi a gofu amagwirizana kuti kumene mpira umayambira kulowera kumadalira kwambiri nkhope ya putter pa nthawi yogunda, kuposa njira imene mutu wa putter wadutsa. Zikani ma tee awiri (tizikhomo toikapo mpira) pansi, wina kunsonga wina kuchidendene kwa mutu wa putter, mosiya mpata wochepa kwambiri, pa mtunda wa mita imodzi ndi dzenje pamalo osatsetsereka, ndipo gogodani popanda kuwakhudza. Tiger Woods amadziwika ndi kuyeserera kumeneku asanayambe mpikisano. Mpira ukhale patsogolo pang'ono pa pakati pa mapazi anu, ndipo mutu wanu usadzuke kufuna kuona ngati walowa, chifukwa mutu ukatembenuka msanga mapewa amautsatira ndipo nkhope imatembenuka nawo. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu January 2019 amakulolani kugogoda mbendera ili m'dzenje popanda chilango, komanso kukonza malo amene nsapato zawononga pa mzere wanu, choncho musazengereze kusalaza njira ya mpira wanu musanagogode.

Tsopano tibwere ku putter, ndipo choyamba ndi kutalika kwake. Ma putter ambiri a m'masitolo amakhala a mainchesi 33, 34 kapena 35, kutanthauza masentimita 84 mpaka 89, ndipo anthu ambiri amasewera ndi yaitali kuposa imene ikuwayenera. Putter ikatalika, munthu amaima kutali ndi mpira, zigongono zimapindika mopanikizika, nsonga ya mutu imadzuka m'mwamba, ndipo nkhope imaloza kumanzere kwa munthu wosewerera kumanja ngakhale iye akuona ngati yalunjika. Dziyeseni motere: weramani kuchokera m'chiuno mmene mumamasukira, lekani mikono ilendewere yokha pansi pa mapewa, ndipo pamene manja afika ndi pamene chogwirira chiyenera kukhala. Kenaka, mutaima pa mpira, tengani mpira wina, muugwire pakati pa maso anu n'kuusiya ugwe. Ukagwera pa mpira wa pansiwo kapena mkati mwake pang'ono, chakumapazi anu, mwaima bwino. Ukagwera kutali chakumapazi, putter yakukankhirani kunja. Pemphani mnzanu aone ngati pansi pa mutu wa putter pagona mofanana pa udzu. Kwa milungu imene mukuyesererayi, gwirani putter yanuyo m'munsi mwa chogwirira ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo mukaona kusintha mudzakhala mwadziwa kutalika kumene mukufuna musanawononge ndalama. Wokonza ndodo za gofu angathenso kudula mpini ndi kuika chogwirira chatsopano, ngakhale kuti kudula kwambiri kumachititsa mutu kumveka wopepuka m'manja.

Chachiwiri ndi maonekedwe a mutu. Pali mitundu iwiri ikuluikulu: blade, wopyapyala ngati wanuwo, ndi mallet, wotambalala chakumbuyo. Ma blade ambiri a masiku ano amatsanzira Ping Anser, imene anaipanga Karsten Solheim mu 1966. Solheim anali injiniya, ndipo nzeru yake inali yochotsa chitsulo pakati pa mutu n'kuchiika kunsonga ndi kuchidendene, kuti mutuwo usapotoke kwambiri mpira ukagundidwa pambali. Mallet imapitiriza nzeru yomweyo pokankhira kulemera kutali ndi nkhope, ndipo n'chifukwa chake imakhululukira kwambiri munthu amene sagunda pakati nthawi zonse: mpira wogundidwa pambali sutaya mtunda wochuluka. Ilinso ndi malo okwanira mizere kapena zizindikiro zothandiza kuloza, monga timabwalo tiwiri toyera ta pa Odyssey 2-Ball. Kwa wosewera wa vuto ngati lanu, ine ndimapendekera ku mallet, pa chifukwa cha mtunda chimenechi. Sindinganene kuti blade ndi yotsika, popeza Tiger Woods anapambana mipikisano ikuluikulu 14 mwa 15 yake ndi blade imodzi, Scotty Cameron Newport 2, koma iye amagunda pakati pa nkhope pafupifupi nthawi zonse, chimene ambirife sitichita.

Pali kuyesa kwina kosavuta kumene kungakuuzeni zambiri. Gonekani mpini wa putter pa chala chanu pamalo amene siigwera mbali iliyonse, ndipo muone mutu wake. Nkhope ikayang'ana kumwamba, putter imeneyo imayenerera munthu amene ulendo wake ndi wowongoka, wopita m'mbuyo ndi kutsogolo popanda kuzungulira kwenikweni. Nsonga ikalendewera pansi, imayenerera munthu amene putter yake imayenda mokhota, nkhope ikutseguka pobwerera m'mbuyo ndi kutsekeka ikadutsa mpira. Kuti mudziwe ulendo wanu, gonekani ndodo ina pansi moloza ku dzenje, gogodani m'mbali mwake, ndipo wina akujambuleni ndi foni ataima kumbuyo kwanu. Langizo limeneli si lamulo losasweka, koma ngati mumaphonyera mbali imodzi nthawi zonse, n'kutheka kuti putter ikulimbana ndi kayendedwe ka manja anu.

Zina zotsalazo n'zazing'ono koma zili ndi ntchito. Nkhope ya putter siimirira chilili. Imapendekera m'mbuyo ndi madigiri awiri mpaka anayi kuti itukule mpira pang'ono kuchoka m'kadzenje kamene wakhazikika mu udzu, ndipo pa ma green a udzu wokhuthala, osathamanga kwambiri, madigiri atatu kapena anayi ndiwo amathandiza. Chogwirira chonenepa chimachepetsa kugwedezeka kwa mfundo za manja, ndipo malamulo amalola kuti cha putter chikhale chophwatalala kutsogolo, chimene saloleza pa ndodo zina. Kusintha chogwirira chakale, choterera, ndi njira yotsika mtengo kwambiri yosinthira mmene putter imamvekera m'manja.

Chimene sindingakulangizeni ndi kugula putter imene simunaigwirepo, pongoona chithunzi kapena dzina. Ku kalabu kwanu kuli ma putter a mitundu yambiri m'zikwama za anzanu; apempheni kuti muyese pa green yoyeserera, ndipo pa iliyonse lozani ku tee imene mwaizika pa mamita atatu, wina aone kuchokera kumbuyo ngati mwalozadi pamenepo. Maso a anthu amasiyana, moti wina amaloza bwino ndi mzere wautali pamene wina amasokonezeka nawo. Mukapeza imene mumaloza nayo molunjika ndiponso imene mipira yanu yaitali imaima nayo pamodzi, lembani dzina lake, kutalika kwake ndi mtundu wa khosi lake (pamene mpini walumikizana ndi mutu), ndipo zimenezo ndizo muuze m'bale wanu. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwinobwino, chifukwa putter simenyedwa mwamphamvu ndipo sikutha msanga, bola nkhope isakhale ndi zipsera zakuya ndipo mpini ukhale wosapindika mwangozi. M'bale wanuyo achenjere ndi zotsika mtengo modabwitsa pa intaneti, popeza ma putter a mayina otchuka amapangidwa achinyengo ambiri.

Mwina wina adzakuuzani za putter yaitali, yofika pamimba kapena pachifuwa, makamaka ngati manja anu amanjenjemera kapena kudzidzimuka pa ma putt aafupi, vuto limene osewera amalitcha yips ndipo linasautsa ngakhale katswiri Bernhard Langer. Keegan Bradley anapambana PGA Championship mu 2011 ndi putter yotsamira pamimba, Adam Scott anapambana Masters mu 2013 ndi yaitali yotsamira pachifuwa, ndipo mabungwe awiri oyang'anira malamulo, R&A ndi USGA, analetsa kutsamiritsa ndodo pa thupi kuyambira pa 1 January 2016. Putter yaitaliyo payokha sinaletsedwe. Choletsedwa ndi kuikhomereza pamimba, pachifuwa kapena pachibwano pogogoda. Kugoneka chogwirira m'mbali mwa mkono, pansi pa chigongono, monga amachitira Bryson DeChambeau, n'kololedwa. Musanafike kumeneko, yesani kusintha kagwiridwe ka putter imene muli nayo: ikani dzanja lamanzere m'munsi mwa lamanja, ngati mumasewerera kumanja, monga amachitira Jordan Spieth. Kagwiridwe kameneka kamalinganiza mapewa ndi kuletsa dzanja lamanja kulamulira, ndipo mungakayese mawa lomwe pa ma putt a mita imodzi, pakati pa ma tee awiri aja.